Chaka Chimene Ndinakana Kusainira Malume Anga

Tadala ndi Mphatso, ana anga, za ubwana wanga sindilemba muno. Zimenezo azakhali anu amazifotokoza bwino kuposa ine, ndipo amathiramo ndi zawo zomwe. Ine ndilemba za ntchito. Pamene tinkasamuka m'nyumba ya chipatala munapeza satifiketi m'sutikesi mwanga, yolembedwa dzina la agogo anu a Sandifolo koma yopanda siginecha pansi pake. Munandifunsa, ine ndinangoti bwezerani momwemo. Tsopano ndapuma, nthawi ndili nayo, ndiye imvani.

Chaka choyamba, ku Chiosya

Unamwino ndinauyambira pa kachipatala ka kumbali ya Chiosya, ndili ndi mayunifomu awiri ndi nsapato zoyera zimene zinafiira sabata yoyamba yomwe. Odwala athu ambiri anali matenanti a m'maesiteti a fodya, anthu ochokera m'maboma akutali, opanda m'bale pafupi. Mankhwala ankatithera mwezi uli pakati. Bwana wathu, a Chirwa, anali munthu wosachedwa kuseka, ndipo shelefu ikayera ankandiuza kuti, "A Nesi, mapiritsi atha. Apatseni mawu." Mawuwo ine ndinali nawo ochuluka, ndinachita kubadwa nawo. Ndinkalangiza aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe. Panali mayi wina amene ankabwera mwezi ndi mwezi akudandaula mutu. Ndinkamuuza kuti azimwa madzi ambiri, azipemphera, asamaganize kwambiri. Iye ankagwada n'kuthokoza, mwezi wotsatira n'kubweranso ndi mutu womwewo. Zaka zitatu zinatha osamufunsa ngakhale kamodzi chimene ankaganizacho.

M'zaka zomwezo ndinakwatiwa ndi bambo anu, amene ankayendetsa thiraki yodutsa pa boda. Inu mumawakumbukira ngati munthu wa nthabwala ndi maswiti a ku Chipata, ndipo analidi otero. Koma iwe Tadala uli ndi miyezi isanu ndi iwiri ndinamva kuti ali ndi nyumba ina tsidya linalo, ndipo nditawafunsa anandimenya mbama imene inanditseka khutu kwa masiku atatu. Ndinakubereka kumbuyo n'kupita kwathu ku Dambe. Ankhoswe anga anali a malume Sandifolo, mlongo wa mayi anga, mphunzitsi wa pulaimale komanso mkulu wa mpingo. Anthu ankawatama kuti mlandu wa banja ukafika kwa iwo sugona. Anaitanitsa ankhoswe akuchimuna, tinakhala pansi pa mango wa kuseri kwa nyumba, ndipo dzuwa lisanapendeke zonse zinali zitatha. Bambo anu anapepesa akuyang'ana pansi. Malume anati, "Pirira, mwana wa mlongo wanga. Gwiranani chanza, nkhani yathera pano." Ine palibe anandifunsa kanthu. Ndinapereka dzanja, m'mawa mwake ndinabwerera.

Patapita zaka khumi ndi ziwiri, pa Boma

Atandisamutsira pa Boma la Mchinji, matenda aja a Edzi anali atafika poipa, ndipo zipatala zinkasowa anthu odziwa kukhala pansi ndi munthu amene wangomva uthenga wolemera. Mpingo wina unakonza maphunziro a uphungu, ine n'kusankhidwa. Mphunzitsi wathu anali Mayi Tembo a ku Chipata, mayi wamfupi wa magalasi, amene ankawoloka boda pa minibasi kamodzi pamwezi. Iwo anaphunzira kunja njira ya uphungu yotchedwa Gesitaliti. Ine ndinalowa m'kalasimo ndikudziwa kuti palibe chachilendo angandiuze, poti kulankhula ndi odwala ndiye inali ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku.

Tsiku loyamba lomwe anandikhazika pakati kuti ndithandize mnzanga wina onse akuona. Ndinatsegula mpopi. Mphindi zisanu zisanathe anandiimitsa. "Manje, a Nesi, mwakamba zambili, na zonse ni zabwino," anatero m'Chinyanja chawo chija. "Koma uyu munthu mwamuona? Manja yake yali kuti?" Ndinatembenuka kuyang'ana. Mnzangayo anali atakumbatira mimba yake ndi manja onse awiri, ndipo ine sindinaone. Anali atapita padera mwezi wathawo. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindinawaiwale.

Kwa zaka zinayi Mayi Tembo anatiphunzitsa zinthu zochepa, koma zovuta kuposa kubaya jakisoni pa mtsempha wa khanda. Ankati phungu anene zimene akuona ndi kumva, osati zimene akuganiza kuti zili mumtima mwa mnzake. Ankati tizikhala ndi munthuyo pano, lero, ndi mmene akupumira, ndi mmene mawu ake akunjenjemera, m'malo mothamangira kumukonzera mawa lake. Ankatinso munthu sasintha pomukankha, amayamba kusuntha yekha akaloledwa kuona pamene waima. Chimene chinandilowa kwambiri chinali chakuti nkhani imene yatsekedwa isanathe siitha, imangosamukira kwina, m'mutu, m'mimba, m'tulo. Pamenepo ndinakumbukira mayi wa ku Chiosya uja ndi madzi amene ndinkamumwetsa.

Panalinso malamulo awiri okhudza ifeyo. Loyamba linali lakuti palibe amene adzathandize ena asanakhale yekha pa mpando wa wothandizidwa. Ine ndinakhalapo zaka ziwiri. Ndinalira za imfa ya mayi anga, za odwala amene anafera m'manja mwanga, ngakhale za bambo anu atamwalira chaka changa chachitatu cha maphunziro. Koma za pansi pa mango paja sindinatchule. Ndinali wochenjera, ndinkadziwa kupereka misozi yokwanira kuti asakumbe kwina. Lamulo lachiwiri linali lakuti m'bale wako usamuthandize ngati phungu, ndipo usamuphunzitse kapena kumuyesa mayeso. Ife tinaseka, tinati kuno ku Mchinji ukafufuza bwino aliyense ndi m'bale wako. Mayi Tembo sanaseke. Anati, "Ndiye muzikamba, osabisa."

Chaka chachitatu cha kuphunzitsa kwanga

Nditamaliza, anandisiyira kalasi ya pa Boma kuti ndiziphunzitsa ndekha, iwo n'kumabwera pa miyezi itatu iliyonse kudzaona ntchito yanga. Tinkakumana m'holo ya mpingo imene mvula ikagwa pa malata sitinkamvana, choncho ndinkawauza ophunzira kuti nayo nthawi yophunzira kuona ndi maso. Mapepala atatha tinkalemba kuseri kwa makalendala akale. Mipando inali isanu ndi umodzi, anthu asanu ndi anayi.

M'gulu la chaka chimenecho munali a malume Sandifolo. Anali atapuma uphunzitsi, ndipo mpingo unkafuna kutsegula chipinda cha uphungu pafupi ndi boda, chothandiza madalaivala, ochita malonda ndi mabanja awo. Abusa anawalonjeza kuti malowo ndi awo akangopeza satifiketi chaka chomwecho. Kwa munthu amene anazolowera kudzuka m'mawa n'kumanga tayi, kukhala pakhomo kunkawadya, ndipo malo amenewo ankawafuna ndi mtima wonse. Ndinayenera kuwauza Mayi Tembo tsiku loyamba. Koma mayina athu ndi osiyana, ndipo ndinadziuza kuti kulibe kwina kumene mkuluyu angakaphunzire. Sindinawauze kuti ndi malume anga.

Kunena zoona, anali wophunzira wabwino. Ankapalasa njinga kuchokera ku Dambe n'kufika ena onse asanafike. Zolemba zawo zinali zoyera ngati za m'buku. M'kalasi ankanditchula kuti aphunzitsi, akumwetulira pang'ono, ndipo anzawo ankawakonda. Vuto linkabwera munthu akayamba kulira. Pamenepo malume ankasuntha pampando ngati akhalira nyerere, kenako nkhoswe ija inkadzuka. Ndinawadzudzula kangapo, mwina mouma kuposa mmene ndinkadzudzulira ena.

Mayeso omaliza anali oti wophunzira akhale ndi munthu weniweni amene wavomera, ine nditakhala pakona. Kwa malume kunabwera mayi wina wa pa esiteti ya ku Mlonyeni, ndimutcha Esinati ngakhale si dzina lake. Kwawo kunali kummwera, ndipo mwamuna wake ankamutsekera panja akaledzera. Malume anayamba bwino mpaka mtima wanga unakhala pansi. Anati, "Mayi, ndikuona mukupotokola nsonga ya chitenje. Chikuchitika n'chiyani mwa inu panopa?" Mayiyo anayang'ana manja ake, kenako anaphulika kulira. "Ndikufuna kwathu," anatero. "Ndatopa, abambo. Ndikufuna kwathu." Malume anapirira mwina mphindi imodzi. Kenako anakoka mpando n'kuwerama. "Pukutani misozi, mayi. Ana alipo angati? Anayi. Ndiye mukapita adzakula ndi yani? Pirirani pang'ono. Bambowo ndidzabwera ndekha kudzalankhula nawo, zimenezi zitha." Esinati anapukuta nkhope, anagwada, anathokoza kawiri, n'kutuluka. Malume ananditembenukira nkhope ikuwala, monga munthu amene wamaliza ntchito nthawi isanakwane. Ine ndinalemba lipoti mpaka cholembera chinaboola pepala.

Sabata yotsatira Mayi Tembo anabwera kudzawerenga malipoti. Atafika pa la malume anavula magalasi. "Aba benangu mwabalembela hafu ya pepala. Uyu mudala mapepala yatatu. Ni ndani wanu?" Ndinaulula kuti ndi malume anga. Sanakalipe. Anangondiyang'ana n'kufunsa funso lomwe lija limene ine ndinkaphunzitsa ena: "Manje apa mumvela chani m'thupi?" Ndinati palibe. Anati, "Nsagwada zanu zakamba zina." Ndinali nditaluma mano mpaka kumva kuwawa. Ndipo m'holo yopanda anthu ija, ndili ndi zaka makumi anayi ndi mphambu, ndinafotokoza koyamba za pansi pa mango.

Nditamaliza anandiuza mosapita m'mbali. Anati zimene ndinaona pa mayeso n'zoona, mkuluyo sanakonzeke. Koma anatinso lipoti langa silingadaliridwe, chifukwa palibe angasiyanitse mizere imene ndinalembera Esinati ndi imene ndinadzilembera ndekha. Pa kubisa kwanga, anati ndisiye kuphunzitsa miyezi isanu ndi umodzi, ndibwerere pa mpando wa wothandizidwa. Za satifiketi, imene inali itasindikizidwa kale pamodzi ndi za anzawo, anati, "Siginecha ni yanu, ine sininamuone pa mayeso. Mukasaina, nizakamba kuti sinivomeleza, koma pepala izayenda. Mukapanda kusaina, abwele kwa ine chaka chimodzi, nimuyese neka."

Ndinakhala ndi pepalalo masiku asanu. Ndikanasaina, malume akanapeza malo awo, abale akanandiyamika, ndipo mayi aliyense wolowa m'chipinda chija pa boda akanatuluka atauzidwa kupirira, nthawi ino ndi munthu wokhala ndi satifiketi ya dzina langa. Abusa anabwera kunyumba kudzandikumbutsa kuti chipindacho sichingadikire chaka. Panalinso njira yachidule, yoti ndikawauze malume kuti a ku Zambia ndiwo akana, ine manja anga ndi oyera. Njira imeneyo inandikopa kwambiri, sindinama. Koma ndinaona kuti kutero n'kutsekanso nkhani isanathe, ndipo wotseka nthawi ino akanakhala ine.

Loweruka lomwelo, ku Dambe

Ndinafika m'mawa, ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza, lichero lili pamiyendo. Ndinagwada n'kupereka moni. Anafunsa za inu, za ulendo, kenako anati, "Wabwera nayo?"

"Ndabwera nayo, malume, koma sindinasaine. Ndipo sindisaina."

Anapitiriza kuswa mtedza, umodzi, wina, wina. "Mayi wa ku Chipata uja ndiye wakana?"

"Ayi. Ndakana ndine."

Anaika lichero pansi. Sanakweze mawu, malume sankakweza mawu. Anati, "Dzina lakolo ndinakuphunzitsa kulemba ndine, ndikugwira dzanja lako pa sileti. Lero dzanja lomwelo likukana kulemba dzinalo pa pepala langa."

Mawu amenewo anandilasa, ndipo ndikanatha kuthawira pomwepo. Ndinawauza kuti zifukwa zilipo ziwiri ndipo ndinena zonse. Choyamba, Esinati ananena chimene akufuna, iwo n'kumubwezera mawu ake m'kamwa. Chachiwiri, ine sindinayenere kukhala wowayesa, chifukwa ndawasungira mkwiyo kuyambira tsiku lija pansi pa mango. Ndinaloza mtengowo, unali pomwepo kuseri kwa nyumba. "Munafunsa aliyense tsiku limene lija, malume. Ine nokha simunandifunse."

Anadzidzimuka ndithu, ndinaona kuti kwa iwo mlandu umenewo unali umodzi mwa imene ankanyadira. Anatsegula pakamwa. "Koma mwana wanga, ukanapanda kubwerera, ana ako akana..." Anaima pomwepo. Ndinawaona akulimbana nawo mawuwo. Anaika manja pa mawondo monga ndinkawaphunzitsira m'holo muja, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, motsitsa, "Ndikuona wagwira tsaya."

Sindinkadziwa. Dzanja langa linali pa tsaya lakumanzere, pomwe paja. Misozi inangoyamba yokha.

"Pitiriza," anatero. "Ndili pompano."

Ndinalankhula mwina ola lathunthu. Ndinanena za khutu, za mmene ndinkatcherera kulira kwa thiraki kuti ndidziwe ngati abwera bwino kapena ayi, za mmene ndinawakonderabe bambo anu mpaka kuwasamala pa matenda awo, ndi mmene zimenezo zinkandisokonezera. Malume anasuntha pampando kangapo, koma sanandidule. Nditatha anati, "Ine munthu akalira pamaso panga ndimangofuna zithe. Ndakhala ndikuganiza kuti ndimachitira iyeyo." Kenako anafunsa, "Ndikanakufunsa tsiku lija, ukanati chiyani?"

"Sindikudziwa, malume. Mwina ndikanabwererabe. Koma ndikanabwerera ndi miyendo yanga."

Musaganize kuti tinasiyana tikuseka. Sanapepese, ndipo pochoka sanandiperekeze ngakhale kufika pa msewu, chinthu chimene sanachitepo chibadwire changa. Malo a pa boda anapatsidwa munthu wina. Abale ena a ku Dambe anakhala chaka osaponda pakhomo panga, ankati sukulu yandichotsa ulemu. Esinati ndinamupezera phungu wina amene anakumana naye kanayi, koma fodya atagulitsidwa banjalo linasamuka, ndipo sindikudziwa kuti zinamuthera bwanji. Zimenezo zimandiwawabe.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti mwezi wotsatira Mayi Tembo, amene anayambanso kubwera mwezi ndi mwezi ine nditaimitsidwa, atatsika minibasi anapeza njinga ya malume itatsamira kale pa khoma la holo. Malume anaphunzira nawo chaka chathunthu, ndipo nawonso anakhala pa mpando wa wothandizidwa, mkulu wa imvi zake. Zimene ankanena kumeneko sindinazimve ndipo sindinafunse. Chaka chitatha Mayi Tembo anawapatsa satifiketi ina, ya siginecha yawo. Ntchito ya uphungu sanalembedwepo mpaka imfa yawo.

Chaka chimene ndinapuma

Iwe Tadala ukukumbukira tsiku limene unafika ndi chikwama chimodzi ndi mwana kumbuyo. Agogo ako anali atakalamba, akuyendera ndodo, koma unkhoswe wa mbumba yathu unali udakali m'manja mwawo. Akuchimuna anabwera atatu, tinakhala pansi pa mango womwe uja. Mwamuna wako anapepesa, ankhoswe ake analankhula bwino, ndipo mmodzi wa iwo anali atayamba kale kuyang'ana wotchi, poti mbiri ya a Sandifolo ankaidziwa. Agogo ako anamvetsera zonse. Kenako anatembenuza mpando wawo, anasiya amuna onse aja kumbali, n'kuyang'ana iwe.

"Tadala, iwe ukufuna chiyani?"

Unandiyang'ana ine ngati sunamve bwino. Unayamba kulira, ndipo wakuchimuna wina anati, "Basi, apukute misozi, agwirane chanza." Agogo ako anakweza dzanja osamuyang'ana n'komwe. Anati, "Musiyeni. Sanayankhe." Anadikira, manja ali pa mawondo, mpaka mthunzi wa mango unasuntha n'kutisiya padzuwa. Utanena kuti sukudziwa, anati, "Ndiye tidzakumananso ukadziwa." Mlandu umenewo unagona masabata atatu, ndipo anthu a ku Dambe anati mkuluyo ukalamba wamugwira.

Chimene unasankha ndi chako, sindichilemba muno. Koma pobwerera tsiku lija, tili pa msewu kudikira galimoto, unandifunsa kuti, "Amayi, agogo funso limene lija analitenga kuti?" Ine ndinayankha kuti galimoto ikubwera.

Analitenga pakhonde paja, mwana wanga, ndipo linawadyera ntchito imene ankaifuna kwambiri. Satifiketi ili m'sutikesiyo muisunge mmene iliri. Wina asadzayese kulembapo dzina langa.